Cotsani mantha a wogula, nyumba idzagulika

Pali dandaulo limene likumveka kawirikawiri kwa eni nyumba a pa Chinyunyu ndi midzi yozungulira m'boma la Rufunsa. Munthu anamanga nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, nakhoma cikwangwani cakuti ikugulitsidwa. Dzinja lapita, cilimwe capita, utoto wa pa cikwangwani wafufuma, koma wogula palibe. Anthu amaimika galimoto, amazungulira nyumbayo, amalonjeza kuti adzaimba lamya, basi osamvekanso.

Ena akuti ndi tsoka. Ena akuloza cala anansi ao kuti ndiwo akuipitsa mbiri ya malowo. Ife tikuti cifukwa cacikulu ndi cimodzi: wogula ali ndi mantha, ndipo wogulitsa sakucita ciliconse kuti acotse manthawo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Ambiri ogulitsa nyumba sagulitsa cifukwa ca kukhuta. Wina ndi mai wamasiye amene afuna kulipirira ana ku koleji. Wina ndi mphunzitsi wopuma pa nchito amene anathira penshoni yake yonse m'cipupa. Nyumba ikakhala zaka ziwiri osagulika, ciswe cimalowa m'mitengo ya denga, akuba amazula mafelemu a mazenera, ndipo pomaliza mwini wake amaitaya pa mtengo wa nkhuku.

Malo eni akewo alibe colakwa. Chinyunyu ili pa mseu waukulu wa Great East, makilomita opitirira 80 kum'mawa kwa Lusaka, ulendo woti munthu apita m'mawa ndi kubwerako tsiku lomwelo. Pali akasupe a madzi otentha amene amakopa alendo. Kuyambira pamene Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe ndi kukhala boma palokha, anthu a nchito za boma ofuna pokhala anaonjezeka m'cigawoci. Ndiponso mu Lusaka muli anthu ambiri amene amalota kapulazi koweta nkhuku ndi mbuzi akadzapuma. Ofuna kugula alipo. Nanga abwereranji?

Coyamba ndi mapepala. Malo ambiri m'boma la Rufunsa ndi a mwambo, oyang'aniridwa ndi mafumu a Cisoli, a Bunda Bunda, a Mpanshya ndi a Shikabeta, pamodzi ndi anyakwawa ao. Lamulo la malo la 1995 limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo limavomereza kuti munthu akhale pa malo monga mwa mwambo. Koma kukhala mwa mwambo sikupatsa munthu cikalata ca umwini, cija ambiri amati taito. Amene anapatsidwa malo ndi anyakwawa ali ndi ufulu wokhalapo ndi kulimapo, koma nthakayo si katundu wake woti aike pa msika ngati thumba la cimanga. Cimene angagulitse ndi thukuta lake: nyumba, citsime, khola, mitengo ya zipatso. Wolowa m'malo mwake ayenera kulandiridwa ndi mfumu ndi kulembedwa m'buku la mudzi.

Wogula wocokera ku Lusaka amazidziwa zimenezi. Wamva za anthu amene analipira puloti imodzi ali atatu. Wamva za ena amene anamanga, kenaka abale a wogulitsa anabwera ndi kunena kuti m'mundamo muli manda a makolo ao. Cotero akafunsa mapepala, wogulitsa naturutsa kakalata kolembedwa pa pepala long'amba m'kope, kopanda cidindo ndi mboni, munthu uja amatsazika mwaulemu ndi kupita. Sitingamuimbe mlandu.

Njira yopezera taito ilipo. Mwini malo amapempha cilolezo colembedwa kwa mfumu yaikulu, pamodzi ndi mapu oonetsa malowo. Khonsolo ya Rufunsa imayendera malowo, kuona ngati palibe wina wodandaula, ndi kutumiza pempholo kwa Komishinala wa Malo. Asaveya akapima ndi kuika zizindikiro za malire, boma lingapereke malowo kwa zaka zosapitirira 99. Ulendowu ndi wautali ndipo umadya ndalama, koma umasintha zinthu kwambiri. Mabanki ndi bungwe la Zambia National Building Society amafuna taito ngati cikole asanapereke ngongole yogulira nyumba. Nyumba yopanda taito ingagulidwe kokha ndi munthu amene ali ndi ndalama zonse m'thumba, ndipo otere ndi owerengeka.

Sitikunena kuti banja lililonse lithamangire taito. Malo akacoka m'manja mwa mfumu sabwereranso mosavuta, ndipo mwini taito amalipira lendi ya nthaka ku boma caka ndi caka. Munda wa banja lonse usasanduke wa munthu mmodzi mwakabisira. Koma amene watsimikiza kugulitsa, ndipo sangakwanitse taito, ayenera kukhala ndi kalata ya anyakwawa, kalata ya mfumu yaikulu yodindidwa, ndi malire amene anansi a mbali zonse awayendera ndi kuwavomereza. Wogula aperekezedwe kukaonana ndi mfumu asanaturutse ngwee.

Caciwiri ndi banja. Nyumba zambiri zogulitsa ndi za masiye. Lamulo la cuma ca masiye la 1989 limati munthu akamwalira osalemba wilo, nyumba yake imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo kufikira imfa kapena atakwatiwanso. Woyang'anira cuma ca masiye sali mwini wake, ndipo saloledwa kugulitsa popanda cilolezo ca khoti. Lamuloli silikhudza nthaka ya mwambo, koma kumenekonso banja limakhala ndi mau. Wogula akangomva kuti mwana wina ali ku Kitwe ndipo sanauzidwe, amathawa. Khalani pansi ngati banja, gwirizanani, lembani, aliyense asaine. Kucita zimenezi cikwangwani cisanakhomedwe kumapulumutsa ndalama ndi cibale comwe.

Cacitatu ndi mtengo. Eni nyumba ambiri amawerengera matumba a simenti onse amene anagula, naonjezapo ndalama imene afuna kukayambira moyo watsopano, ndi kunena kuti mtengo ndi umenewo. Ena amamva mitengo ya ku Chalala kapena ku Silverest naganiza kuti ndi ya pa Chinyunyu pomwe. Wogula salipira zosowa za wogulitsa. Amayerekeza ndi nyumba zina za kufupi, ndiponso amawerengera kuti atagula malo opanda kanthu ndi kumanga yekha zingamudyere zingati. Ndalamanso yakhala yobvuta. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, cinasiya mabanja ambiri ali ndi ngongole. Mu February 2025 Banki Yaikulu ya Zambia inakweza ciwongoladzanja cake kufika pa 14.5 peresenti, ndipo mabanki wamba amakongoza pamwamba pa pamenepo. Funsani kuti nyumba zimene zinagulidwadi m'dera lanu zinapita pa zingati, osati zimene eni ake akuitanira. Ngati nyumba ndi yaikulu, lipirani katswiri wovomerezeka woika mitengo.

Amene ali ndi taito akumbukirenso kuti kugulitsa kuli ndi zolipira zake. Pafunika cilolezo ca boma cosinthira umwini, lendi ya nthaka ikhale yolipiridwa yonse, ndiponso pali msonkho wosinthira katundu wopita ku ZRA, umene unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti pa 1 January 2025. Msonkhowu ndi wa wogulitsa. Pa nyumba ya K300,000 ndiye kuti K24,000. Malonda ena amafera pamenepa, pamene wogulitsa adzidzimuka tsiku lomaliza nafuna kuti wogula ndiye alipire.

Cacinai ndi kunena zoona za nyumbayo. Funso loyamba la wofuna malo kumudzi ndi madzi. Kodi citsime cimauma mwezi wanji? Mjigo uli kutali bwanji? Magetsi a ZESCO anafika, kapena ndi sola? Kodi galimoto yaing'ono imafika pakhomo mu January? Yankhani mosabisa, cifukwa anansi adzamuuza ndithu. Omanga m'mbali mwa mseu adziwe kuti lamulo la miseu la 2002 linapatula mamita 100 m'lifupi pa miseu ikuluikulu ngati Great East, ndipo wogula wanzeru amapima asanalipire. Kupaka laimu pa mng'alu wa cipupa ndi kudzinamiza. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ogula a masiku ano amaung'amba mkuyuwo asanadye.

Zina ndi zosafuna ndalama zambiri. Lambulani pabwalo, chetchani udzu, konzani citseko ndi cimbudzi, matani podontha. Nyumba yokhalamo munthu imaoneka bwino kuposa yotsekedwa imene yasanduka khola la mbuzi za eni ake. Cikwangwani cikhale coonekera kumseu, ndi nambala ya lamya imene imayankhidwa. Tengani zithunzi masana, zoonetsa nyumba, madzi ndi njira. Uzani a ku chalichi, aphunzitsi, a ku cipatala ndi abale a m'tauni. Ngati mufuna ejenti, funsani ngati ali m'kaundula wa Zambia Institute of Estate Agents, monga lifunira lamulo la 2000, ndipo mugwirizane malipiro ake polemba. Nyumba imodzi ikamachulidwa mitengo itatu ndi anyamata atatu osiyana, wogula amaganiza kuti pali cinyengo.

Eni nyumba okha sangathe zonsezi. Tikupempha mafumu athu ndi anyakwawa kuti mabuku a midzi azisungidwa bwino, kuti malo amodzi asapatsidwe kwa anthu awiri. Tikupempha Khonsolo ya Rufunsa kuti ikhome poyera, m'Cisoli, m'Cinyanja ndi m'Cingerezi, ndondomeko ya kapezedwe ka taito ndi ndalama zake zonse, ndi kuti lisiti liziperekedwa pa ngwee iliyonse. Unduna wa za Malo uzitumiza anchito ake kumaboma, kuti nkhalamba ya ku Chinyunyu isamathere ndalama pa mabasi opita ku Lusaka kukafunsa za fayilo imodzi.

Kwa ogula tikuti safunsa anadya phula. Kaonaneni ndi mfumu, fufuzani taito ku kaundula wa malo, lankhulani ndi anansi, ndipo musalipire popanda mboni ndi pangano lolembedwa.

Kwa ogulitsa tikuti musanatsitse mtengo kacitatu, musanapite kwa sing'anga, turutsani mapepala anu muwayale patebulo. Dzifunseni ngati inuyo mukanapereka penshoni yanu yonse pa mapepala amenewo. Ngati yankho ndi lakuti iai, nchito yanu iyambire pamenepo.