Kodi Makina Akumva Ndani?

Makina omva mawu a munthu ndi kuwasandutsa malemba afala kwambiri, koma khutu lawo ndi latsankho. Amamva bwino munthu wathanzi amene akulankhula m'chipinda cha zii. Akakumana ndi wachibwibwi, kapena amene lilime lake linalemera chifukwa cha sitiroko, amasokonezeka. Pamsika ndi m'minibasi ndiye zimanyanya.

Akatswiri a maiko ena anayamba kale kulimbana ndi vutoli. M'chaka cha 1911, Étienne Lombard anaonetsa kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu mosazindikira. M'chaka cha 2019 kampani ya Google inalengeza ntchito ya Project Euphonia, yojambula mawu a anthu olankhula movutikira, ndipo mu 2022 yunivesite ya Illinois inayambitsa Speech Accessibility Project. Ntchito zonse ziwirizi zinayambira pa Chingerezi.

Ife ophunzira zilankhulo za Chibantu tili ndi chifukwa chathuchathu chodera nkhawa. M'Chichewa, mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu zimasiyana pa kukwera ndi kutsika kwa liwu basi. Pala ndi phala zimasiyana pa kampweya kochepa. Tsono matenda a ubongo ndi minyewa kawirikawiri amafooketsa mphamvu yolamulira liwu ndi mpweya womwewo, ndipo phokoso limakwirira kampweyako. Zimene anzathu apeza pa Chingerezi sizingatiuze mmene Mchewa, Mshona kapena Mbemba wodwala amasungira matanthauzo a mawu ake.

N'zoona kuti zilankhulo zathu zayamba kulowa m'makinawa. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa makina omva zilankhulo zoposa 1,100, koma anaphunzitsidwa makamaka ndi mawu a anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Amenewo ndi mawu osalala, ojambulidwa pamalo abata. Gogo wopuwala mbali imodzi, amene sangathe kulemba uthenga pafoni, salankhula chotero. Chonsecho ndiye amene akusowa makinawa koposa tonsefe.

Chotero ndikuti ntchitoyi ndi yathu. Tiyeni tigwirizane ndi azachipatala ophunzitsa odwala kulankhula, tijambule mawu a odwalawo iwo eni atavomereza, tijambulenso m'misika ndi m'madepoti, ndipo tilembe kamvekedwe ka liwu lililonse mosamala. Mutu umodzi susenza denga: wopanga makina sadziwa kamvekedwe ka zilankhulo zathu, ndipo ife sitidziwa makina. Tikazengereza, makinawa adzaphunzira kumva okhawo amene anthu amawamva kale.