"UKAGUNDA THAWA" NDI MALANGIZO OKUPHETSA, NDIPO YA BELO YA CHIDAKWA SITISONKHANSO

Abale anzathu a m'gulu lino, madalaivala ndi amalonda nonse, lero tilankhula zowawa. Amene akwiye akwiye, koma awerenge kaye mpaka pansi.

Migodi ikangolipira kuno ku Bethanie, ku Marikana, ku Brits mpaka ku Rustenburg, timakhala tikudziwiratu uthenga umene ungatulukire pa foni. "M'bale wathu amunjata, tiyeni tisonkhe ya belo." Pansi pake ena ayamba kale kulemba kuti apolisi a kuno amadana ndi alendo, ena aika timanja topemphera. Wina akangofunsa kuti kodi wamangidwira chiyani, gulu lonse zii. Pakapita masiku awiri ndiye zimamveka m'mbali kuti munthuyo anachoka pa shabini usiku, anagunda galimoto ya eni ake kapena munthu woyenda pansi, n'kuliyatsa liwiro. Ukamufunsa chimene anathawira, yankho ndi lomwe lija timapatsana m'mapaki a mathiraki ndi pa mzere wa pa Beitbridge: ku Joni ukagunda usaime.

Amene anayambitsa mawu amenewa sitikumudziwa, koma ife tikuti ndi bodza, ndipo ndi bodza lomwe likuwonjezera anthu zaka za kundende.

Tiyambe ndi zimene lamulo la pamsewu la dziko lino, National Road Traffic Act ya 1996, limanena, chifukwa ambiri timayendetsa zaka khumi osalidziwa. Gawo 65 ndi la mowa. Woyendetsa wamba saloledwa kufika 0.05 giramu ya mowa pa mamililita 100 a magazi. Koma ife oyendetsa mathiraki, mabasi ndi matakisi malire athu ndi 0.02. Pa kachipangizo kopumira kaja, wamba ndi 0.24, ife ndi 0.10. Muyeso wa 0.02 ndi wochepa kwambiri moti botolo limodzi likhoza kukufikitsapo. Ndiye taganizani za Black Label ya 750 ija, yomwe ndi yoposa mabotolo awiri aang'ono, ndipo palibe amene amamwa imodzi n'kudzuka. Chilango cha mlandu wa mowa ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka 6.

Gawo 61 ndi la zimene uyenera kuchita ngozi ikachitika. Uime pomwepo. Uone ngati wina wavulala, umuthandize mmene ungathere. Upereke dzina lako, komwe ukukhala ndi nambala ya galimoto. Ngati sunapereke lipoti kwa wapolisi pamalopo, ukalipereke ku polisi pasanathe maola 24. Tsono mvetsetsani apa, achimwene: ngati munthu wamwalira kapena wavulala kwambiri iwe n'kusaima, chilango chake chimafika zaka 9. Zisanu ndi zinayi. Kutanthauza kuti kuthawako kuli ndi chilango chachikulu kuposa mowa umene ukuthawitsawo. Unali ndi mlandu umodzi, wadziwonjezera wina wolemera kuposa woyambawo, ndipo ngati munthu wafa, wa kupha munthu chifukwa chosasamala ukudikirabe pakhomo.

Pali anzathu ena odziyesa maloya a pa shabini. Amati magazi amayenera kutengedwa pasanathe maola awiri, ndiye ukabisala mpaka m'mawa umboni watha. Zoonadi lamulo limatchula maola awiriwo. Koma chimene sakuuzani n'chakuti gawo 65 lomwelo lili ndi milandu iwiri. Wina ndi wopyola muyeso wa m'magazi, wina ndi woyendetsa utaledzera, ndipo wachiwiriwu khoti likhoza kuupeza ndi mboni chabe: amene anakuona ukudzandira potuluka m'galimoto, amene anamva fungo, mtsikana amene amakugulitsa mowa, kamera ya pa filing'i siteshoni. Ena amati ukafika kunyumba umwe wina msanga kuti uzikanena kuti unamwa ngozi itachitika kale chifukwa cha mantha. Olemba lamulo anaganiza kale zimenezo. Gawo 61 limaletsa kumwa mowa pambuyo pa ngozi usanapereke lipoti. Nzeru za pa shabinizi zimangokusonkhezera moto.

Komanso thiraki ungaibise kuti? Ili ndi tiraka, abwana akuiona pa kompyuta ali muofesi. Pa N4 pali mageti olipirira okhala ndi makamera. Galimoto zambiri masiku ano zili ndi kamera kutsogolo. Ngakhale utaisiya pamsewu n'kulowa m'tchire wapansi, mapepala a katundu ali m'kabini ali ndi dzina lako.

Amene mukukayika kumbukirani za ku Pongola. Pa 16 Seputembala 2022, pa msewu wa N2 ku KwaZulu-Natal, thiraki inawombana ndi bakkie yonyamula ana a sukulu. Anthu 20 anafa, 18 mwa iwo ana. Woyendetsa thirakiyo, Sibusiso Siyaya, anathawa pamalopo. Zinamuthandiza chiyani? Vidiyo ya kamera ya galimoto ina, yoonetsa thirakiyo ikupitirira zinzake mbali ya galimoto zobwera, inazungulira dziko lonse, ndipo iye anakadzipereka yekha ku polisi. Ku khoti ananena za mabuleki, khoti silinamve. Mu 2024 anamupeza wolakwa pa milandu 20 ya kupha anthu, osati mwangozi koma kupha kwenikweni, pamodzi ndi mlandu wosachita zoyenera dalaivala pambuyo pa ngozi. Anamugamula zaka 20. Mlandu wake sunali wa mowa, ndipo sitikumunamizira. Tautchula chifukwa ndi dalaivala wa thiraki ngati ife, ndipo kuthawa kwake kunalembedwa ngati mlandu pawokha.

Za kuledzera zinaoneka kwa Jub Jub, woimba uja, ndi mnzake Themba Tshabalala. Mu Malichi 2010 ku Soweto akupikisana ndi ma Mini Cooper atagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, anagunda ana a sukulu, anayi n'kufa. Anagamulidwa zaka 25, apilo inachepetsa, ndipo Jub Jub anatuluka mu 2017. Ameneyo ndi mwana wa dziko lino, wotchuka, wokhala ndi maloya olipidwa bwino, komabe analowa. Nanga iwe wa ku Mangochi kapena ku Mzimba, wokhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, loya wako ndi ndani?

Tsopano tibwere pa chifukwa chimene chili ndi mutu, chifukwa sitikufuna kunamizana. Mantha a chigulu cha anthu ndi enieni. Ngakhale kwathu ku Malawi tinaonapo galimoto zikuyatsidwa munthu akagundidwa pa tireding'i senta. Kuno, ukangotsegula pakamwa anthu n'kumva kuti Setswana sichikutuluka, zinthu zikhoza kuipa msanga. Palibe amene akukuuza kuti uime chilili miyala ikugwa. Koma pali kusiyana pakati pa kuchoka pamalo ndi kuthawa mlandu, ndipo kusiyanako kuli pa komwe chiwongolero chaloza. Wochoka chifukwa cha moyo wake amaimba 10111 kapena 112 nthawi yomweyo, amanena malo ndi kuti pali wovulala, n'kulunjika ku polisi yapafupi, kaya ndi ya Bethanie, kaya ya Marikana, kaya ya Brits. Foniyo imalembedwa, nthawi imene wafika pa kauntala imalembedwa, ndipo loya amakhala ndi choti agwire pamaso pa majisitireti. Wothawa mlandu amazimitsa foni, amalowetsa galimoto kuseri kwa mpanda, m'mawa n'kuyamba kufunsa m'gulu lino ngati alipo wodziwa kuwongola bampala mwakachetechete. Tisamanamizire chigulu cha anthu pomwe ngozi inachitika 2 koloko usiku pamsewu wopanda ngakhale galu. Amene umathawa pamenepo ndi kachipangizo kopumira.

Ena amati ndinathawa chifukwa masiku a m'pasipoti anatha. Timamvetsa, ambiri tadutsamo. Koma yerekezani zinthu ziwirizi. Vuto la mapepala nthawi zambiri limathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kenako basi yobwerera kumudzi. N'zowawa, koma ana ako ukawaona. Wothawa ngozi amayamba wagwira ukaidi, akamaliza ndiye nkhani ya mapepala ija imamupezabe. Ndipo pa belo, chinthu chimene khoti limayang'ana kwambiri ndi chakuti kodi munthuyu adzabwera kudzayankha mlandu. Ndiwe mlendo, kwanu ndi kutsidya kwa malire atatu, ndipo waonetsa kale kuti zikavuta umathawa. Woimira boma pa mlandu safunikanso kuvutika, umboni wamupatsa wekha. Ndalama zimene gulu limasonkhazo nthawi zina zimangothera kwa loya, munthu ali m'chitokosi momwemo.

Laisensi nayo imapita. Wopezeka wolakwa pa milandu imeneyi lamulo limati aletsedwe kuyendetsa miyezi yosachepera 6 ulendo woyamba, zaka 5 ulendo wachiwiri, zaka 10 wachitatu. Ndipo kampani iti idzakupatsa thiraki ya mamiliyoni dzina lako lili m'buku la opalamula?

Tinenenso za matsire, chifukwa apa pamagwa anthu amene sadziona ngati zidakwa. Wamwa mpaka pakati pa usiku, wagona pang'ono, 4 koloko m'bandakucha wadzuka kuti ukakhale woyamba pa mzere wopakira. Wasamba madzi ozizira, wamwa khofi, wawonjezera Red Bull, ukuti ndili bwino. Chiwindi sichimva khofi. Chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi kabotolo kamodzi pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa. Pa malire a 0.02, munthu amene anagona atakhuta mowa amadzuka adakali pamwamba pa muyeso. Khofiyo wangokusandutsa woledzera wotsegula maso.

Amayi ndi abambo a geni, musaganize kuti izi n'za madalaivala okha. Inu ndi amene mumamugulira dalaivala "kamodzi kothokoza" atakupakirirani katundu bwino. Inu ndi amene mumaimba foni kakhumi kuti katundu afike Lolemba ku Limbe zivute zitani, kenako n'kukhala kutsogolo mukuona chitini chili pakati pa miyendo yake, osanena kanthu poopa kuti akutsitsani pa Musina. Galimoto ikagwidwa pa mlandu wa ngozi imaima, ndipo mabelo anu, mafiriji ndi makatoni a mafuta ophikira amaima nayo. Inshuwalansi zambiri sizilipira dalaivala akapezeka ataledzera kapena atathawa pamalo a ngozi. Ngongole ya ku banki mkhonde ija ikhala ikukudikirani kumudzi, chiwongoladzanja chikukwera, ndipo amayi a m'gulumo sadzamva zoti thiraki ili pa polisi ku North West. Mukamva fungo, tsikani ndi katundu wanu musananyamuke. Kutaya tsiku limodzi n'kotchipa.

Palinso nkhani ya dzina lathu tonse. Tikudziwa kuti magulu ngati ATDF-ASA akhala akufuula kuti madalaivala akunja achotsedwe pa misewu ya dziko lino, ndipo tinaona mathiraki akuyaka mu Julaye 2023 kuyambira pa Van Reenen's Pass. Ambiri mwa ife timayendetsa zaka ndi zaka osakanda ngakhale galasi la munthu. Koma Mmalawi mmodzi akagunda mwana wa eni mudzi n'kuthawa, m'mawa mwake palibe amene amatchula dzina lake, amangoti ndi alendo aja. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Amene amalipira ndi mayi wogulitsa tomato pa geti la mgodi, ndi mnyamata wometa tsitsi, anthu oti chiwongolero sanachigwirepo. Tsankho lilipo ndithu, ndipo wapolisi wofuna ya fanta tonse tinakumana naye. Koma tikamafuula tsankho poteteza woledzera, tsiku limene m'bale wathu adzamangidwe popanda chifukwa palibe adzatimvere.

Ndipo pa zonsezi, munthu amene timamuiwala ndi uja wasiyidwa pamsewu. Mwina akanapulumuka ambulansi ikanaitanidwa mphindi zomwezo. M'misewu ya m'midzi ya kuno usiku, munthu akhoza kugona m'mbali mwa phula mpaka kucha osaonedwa. Banja lake nalo umalisiyira mtolo: ku Road Accident Fund, ngati woyendetsa sakudziwika nthawi yopereka dandaulo ndi zaka 2 zokha, pomwe akadziwika ndi zaka 3, ndipo ayenera kuvutika kutsimikiza kuti kunalidi galimoto. Kangati m'gulu lomwe lino tasonkha ndalama zotumiza maliro kumudzi a m'bale wathu wogundidwa ndi galimoto yosadziwika? Tinatukwana wothawayo, tinamutemberera mpaka agogo ake. Sizingatheke kuti Lachisanu tizitemberera wothawa, Lolemba tizimusonkhera chifukwa ulendo uno ndi wakwathu.

Choncho ife taima apa. Wamangidwa chifukwa cha mapepala, tisonkha. Wachita ngozi ali bwinobwino, anaima, anaimba foni, tisonkha ndipo ku khoti tikakhala kumbuyo kwake. Ngakhale amene anachoka pamalo poopa kuphedwa n'kukafikira pa polisi, ameneyo ndi wathu. Koma woika uthenga wopempha ya belo azilemba mlandu umene walembedwa pa pepala la apolisi, polisi yake ndi tsiku la khoti. Pakakhala mowa ndi kuthawa, mkazi ndi ana ake tiwagulira ufa ndi ndiwo chifukwa sanalakwe, koma ya belo ndi ya loya afunse anzake amene amamwa nawo usiku umenewo. Ma admin, uthenga wofunsa wowongola bampala "mwachinsinsi" muziuchotsa, ndipo woulembayo muzimuimbira foni kumufunsa chimene wagunda.