Dola ikakwera ku America, ukonde umadula ku Kachulu

Pa 9 November 2023 asodzi a ku Kachulu analowa m'nyanja ya Chilwa monga mwa masiku onse, koma ndalama zimene anasiya kunyumba zinali zitachepa mphamvu. Tsiku limenelo Banki Yaikulu ya dziko lino inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anasunga K1 miliyoni yogulira injini ya boti anagona ndi ndalama yokwana madola pafupifupi 850, nadzuka ndi yosafika madola 600. Mu May 2022 kwacha inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti.

Mphepo imeneyi inachokera kutali. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine, yomwe inayamba mu February 2022, inakweza mitengo ya mafuta ndi feteleza padziko lonse. Pofuna kuthana ndi kukwera kwa mitengo kwawoko, banki yaikulu ya ku America inakweza chiwongoladzanja mpaka kupitirira 5 peresenti mu 2023. Eni chuma anayamba kuchotsa ndalama zawo m'maiko osauka n'kukaziika kumene kunali phindu lotsimikizika, ndipo dola inasowa. Dziko ngati lathu, limene limagula zambiri kunja kuposa zimene limagulitsako, silikanapirira. Kuno kwathu Banki Yaikulu nayo inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo ngongole zonse zinadula.

Tisaganize kuti nkhanizi n'za anthu a masuti ogula masheya ku Blantyre okha. Mayi amene amapikula matemba ndi milamba kukagulitsa ku Zomba, bambo wolima mpunga ku sikimu ya Likangala, mnyamata wonyamula anthu pa boti kupita ku chilumba cha Chisi, onsewa aika mpamba wawo pa chiswe chomwecho. Mafuta, feteleza ndi ulusi wa maukonde zimatsata dola.

Mpamba ukasungunuka, ambiri a ife timathamangira kwa a katapila. Apa ndi pamene tiyenera kuima. Wokongoza ndalama pa chiwongoladzanja amafuna zake zonse, kaya nsomba zafa kaya sizinafe. Tonse tikudziwa kuti nyanja yathuyi ilibe lonjezo: inauma mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope. Chaka chotero wokongola amagulitsa ukonde, kenaka munda, pomwe wokongoza sataya ngakhale tambala. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Chisilamu chinaletsera riba.

Chipembedzo chathu sichinangoletsa, chinaperekanso njira. Pa mgwirizano wa mudaraba, wina amapereka mpamba, wina mphamvu ndi luso lake, ndipo amagawana phindu monga anapanganirana poyamba. Malonda akalephera popanda chinyengo kapena kusasamala, mwini mpamba amataya ndalama, wogwira ntchito amataya thukuta lake. Pa musharaka, onse amasonkha mpamba ndipo kutayako amagawana molingana ndi zimene aliyense anaika. Mtolo ukasenzedwa ndi anthu angapo suthyola khosi la mmodzi.

Choncho tikupempha mabanja athu zinthu zitatu. Ndalama ya malonda isagone nthawi yaitali pansi pa mphasa, isanduke ukonde, mbuzi kapena matumba a mpunga. Mpamba wonse usakhale m'madzi, wina ukhale kumunda. Ndipo magulu athu a banki m'khonde akhale pansi ndi mashehe kuti aone mmene angasinthire chiwongoladzanja n'kuika kugawana phindu, mapangano onse akulembedwa pamaso pa mboni, monga Surah Al-Baqarah imatilangizira pa nkhani ya ngongole.

Sitingauze a ku Washington chochita ndi dola yawo. Koma mmene timakongozerana ndi kugawirana pa gombe la Kachulu zili m'manja mwathu, ndipo tidzayankha pamaso pa Allah.