Mankhwala a Mbozi Asakwere Galimoto Imodzi ndi Ufa

Alimi anzathu a kwa Dambe, tsiku la msika pa Kapiri mukaime m'mbali mwa msewu wochokera ku Kamwendo kupita ku Kasungu, muyang'ane zimene galimoto ya matola yanyamula. Mupeza thumba la ufa lochokera kuchigayo, usipa, shuga ndi mchere. Pambali pake mupeza botolo la mankhwala opopera mbozi, paketi ya mankhwala a anankafumbwe ndi chigubu cha petulo. Pamwamba pa zonsezi pakhala mayi, mwana ali kumbuyo. Tidazoloŵera kuona zimenezi, nchifukwa chake palibe amene amadabwa. Ife tikuti chizoloŵezi chimenechi chithe, ndipo lamulo la dziko lilankhulepo momveka bwino, m'chilankhulo chimene mlimi, wogulitsa ndi dalaivala angamve.

Sikuti malamulo kulibe. M'chaka cha 2000 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la mankhwala ophera tizilombo lotchedwa Pesticides Act, ndipo lidakonzedwanso mu 2018. Lamuloli ndilo lidabala bungwe la Pesticides Control Board, limene limalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno ndi kupereka ziphaso kwa oitanitsa ndi ogulitsa. Za petulo ndi dizilo amayang'anira ndi a MERA potsata malamulo a 2004. Kutsidya kwa anansi athu ku Zambia, mankhwala oopsa amayang'anira ndi a ZEMA. Ndiponso kuyambira 1956 bungwe la United Nations lakhala likutulutsa malangizo a kanyamulidwe ka katundu woopsa. Katunduyo adamugaŵa m'magulu 9: gulu lachitatu ndi la zamadzi zoyaka moto, lachisanu ndi chimodzi ndi la ziphe. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake. Ya petulo ndi 1203, ya dizilo ndi 1202. Zikwangwani ndi manambala amene mumaona pa mathanki odutsa pachipata cha Mchinji ndi Mwami amachokera kumeneko, kuti ngozi ikachitika apolisi ndi ozimitsa moto adziŵe chimene chili m'kati.

Zonsezi nzabwino. Koma taonani pamene maso a lamulo amathera. Katundu akachoka kudoko la Beira kapena la Nacala amayenda ndi zikalata, m'galimoto zazikulu, mpaka kunyumba zosungiramo katundu ku Lilongwe. Kuchoka pasitolo ya pa Kapiri kukafika kumudzi kwanu, katundu yemweyo amayenda pa matola, pa ngolo, pa kabaza kapena pamutu, popanda chikwangwani ngakhale wofunsa. Tsono ulendo wotsirizawu ndi umene chiphe chimakhala pafupi kwambiri ndi chakudya ndiponso ndi ana. Choipa china nchakuti kuno kumalire mankhwala ena amaloŵa ndi njira zachidule, nkumagulitsidwa pang'onopang'ono m'mabotolo a zakumwa opanda dzina, monga muja tameki amagulitsidwira m'timapepala. Botolo lotere likatayika pa thumba la ufa, ngakhale adokotala sangadziŵe msanga chimene wodwala wadya.

Wina anganene kuti tikungoopseza. Tamverani zimene zidaonekera anzathu kutali. Mu Novembala 1967, m'tauni ya Chiquinquirá ku Colombia, anthu oposa 60, ambiri mwa iwo ana, adafa atadya buledi. Ufa wa buledi ameneyo udanyamulidwa m'lole imodzi ndi mabotolo a mankhwala a m'munda otchedwa parathion. Botolo lidasweka panjira, ufa nkumwa chiphecho. Chaka chomwecho ku Qatar ndi ku Saudi Arabia anthu 874 adagonekedwa m'zipatala ndipo 26 adafa, chifukwa matumba a ufa adasanjidwa m'sitima za pamadzi pamodzi ndi mankhwala otchedwa endrin amene ankadontha. Wophika buledi sadalakwe, wodya sadalakwe. Ngozi idachitikira paulendo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Pali mankhwala ena amene safuna nkusweka komwe kuti aphe. Mapiritsi aja ena amaika m'matumba a chimanga, a aluminium phosphide, akangomva chinyezi amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosphine. Chitini chotsegula kale chikakhala m'minibasi yotseka mawindo nthaŵi ya mvula, onse okweramo amapuma mpweya umenewo. Mapiritsi ameneŵa ndi a anthu ophunzitsidwa ntchito yofukiza mbewu, si ogula ndi kuika m'thumba la malaya.

Nanga petulo? Pa 17 Novembala 2016, m'mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki imene inkabweretsa mafuta kuno ku Malaŵi idaphulika anthu akutunga petulo ndi zigubu ndi ndowa. Anthu oposa 70 adataya miyoyo, enanso ambiri adapsa koopsa. Anali alimi ngati inu, ofuna kupeza kangachepe. Mafuta atayamba kusoŵa kuno mu 2022, zigubu za petulo zidachuluka pa njinga ndi m'nyumba zogona. Chigubu chimodzi chokhala pafupi ndi munthu wosuta fodya nchokwanira kuotcha galimoto yonse.

Tsono lamulo likonzedwe motani? Dziŵani kuti kukonza sikulira kudikira lamulo latsopano la ku Nyumba ya Malamulo nthaŵi zonse. Pansi pa lamulo lalikulu, nduna imatha kulemba malamulo ang'onoang'ono ndi kuwasindikiza mu Gazeti ya Boma. Ndiponso lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera mwawo. Khonsolo ya Mchinji ili nayo mphamvu imeneyi. Ife tikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, lamulo linene poyera kuti mankhwala ophera tizilombo ndi petulo zisaikidwe malo amodzi ndi chakudya, mbewu zokagulitsa, zakudya za ziŵeto kapena anthu. Galimoto iliyonse ya matola ikhale ndi bokosi lotsekeka kumbuyo la katundu wotere. Bokosi lamatabwa kapena mgolo wodula sizidula ngati maliro.

Chachiŵiri, udindo uyambire kwa wogulitsa. Asatulutse botolo lotayikira kapena lopanda chikalata chake, asathire mankhwala m'botolo lina, ndipo akulunge botolo lililonse m'pulasitiki yolimba asanapereke kwa mlimi. Wogulitsa ali ndi chiphaso, ali ndi malo odziŵika. Iye ndiye wosavuta kumuyendera kusiyana ndi kuthamangitsa njinga zikwizikwi.

Chachitatu, galimoto imene yanyamula mankhwala kapena mafuta isanyamule chimanga, mtedza kapena soya isanatsukidwe bwino, ndipo kutsukako kuchitikire kutali ndi mjigo, dimba ndi mtsinje. Madzi oipa akaloŵa mu Rusa amakathera mu Bua, ndipo odya nsomba za kumunsi sadziŵa kanthu.

Chachinayi, malamulo ameneŵa alembedwe m'Chicheŵa, mwachidule, ndi zithunzi, ndipo amatidwe pasitolo iliyonse ya zipangizo zaulimi, pamsika ndi pasiteji. Lamulo lokhala m'Chingerezi m'kabati ya ku Lilongwe silingateteze mwana wa kwa Dambe. Malangizo a FAO ndi WHO amati botolo likhale ndi mzere wa utoto wosonyeza kuopsa kwake: wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu ndi wobiriŵira. Madalaivala ndi akabaza aphunzitsidwe mizere imeneyi monga amaphunzirira zikwangwani za pamsewu.

Tikudziŵa chimene ena mwa inu mukunena: "Kwathu galimoto imabwera imodzi pa tsiku, kodi ndilipire ulendo wa ufa pawokha ndi wa mankhwala pawokha?" Funso limeneli ndi loona, ndipo nchifukwa chake sitikupempha kuti mlimi aletsedwe kunyamula botolo lake. Tikupempha kuti botololo likhale ndi malo ake. Makalabu angathenso kugula mankhwala pamodzi ndi kutuma ngolo imodzi yosanyamula china chilichonse. Mutu umodzi susenza denga. Ena akuti lamulo latsopano lingokhala njira ina yolipitsira anthu pamsewu. Mantha ameneŵa tisawapeputse. Lamulo losamveka ndilo limatsegula khomo la ziphuphu. Likakhala lalifupi, lodziŵika kwa aliyense, chindapusa chake cholembedwa poyera ndi risiti yake, wofuna kukuberani amasoŵa poyambira. Ndipo chaka choyamba chikhale cha kuphunzitsa, chilango chibwere pambuyo.

Kumbukiraninso za msika wanu. Mchinji ndi dera lotchuka ndi mtedza. Kale mtedza wa chalimbana unkapita wochuluka ku Ulaya, koma msika umenewo udacheperachepera, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chuku, pamene ogula adakhwimitsa miyeso yawo. Ogula akunja amayezanso zotsalira za mankhwala m'mbewu. Thumba limodzi lomwa mankhwala kapena lonunkha dizilo lingabwezetse katundu wa kalabu yonse, ndipo mbiri yoipa imamatirira dera lonse, osati mlimi mmodzi. Kalaliki wa pamsika akakubwezerani thumba lotere musamuone ngati mdani. Akuteteza mtengo wa chaka chamaŵa.

Malamulo akamalembedwa, amene amafika pamsonkhano ndi eni makampani a malole ndi oitanitsa katundu. Iwo amanena za mavuto awo, ndipo sakulakwa. Koma za matola ndi ngolo adzanena ndani ngati inu muli chete? Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna. Nkhaniyi ikambidwe ku kalabu. Apampando aitengere kwa alangizi, kwa anyakwaŵa, ku komiti ya chitukuko ya dera, kwa khansala ndi kwa phungu wanu, kuti ikafike ku khonsolo ndi ku Pesticides Control Board italembedwa.

Podikira zimenezo, yambani lero. Musagule mankhwala a m'botolo lopanda dzina. Tsekani chivindikiro mwamphamvu, imikani botolo chilili m'ndowa yakeyake, ndipo ndowayo isadzatungirenso madzi. Musatume mwana kukagula mankhwala. Mankhwala akatayikira pa chakudya, chakudyacho chikwirireni m'dzenje lakuya. Musachitsuke, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Munthu akayamba chizungulire, kusanza kapena kutuluka thukuta ndi dovu atakhudza mankhwala, muvuleni zovala zonyowazo, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangani naye kuchipatala mutatenga botololo kuti adokotala aŵerenge dzina lake. Thanki ikagwa pamsewu, thaŵani ndipo thaŵitsani ana. Ulimi ndi chuma, koma chumacho chimakoma mwini ndi banja lake ali moyo.