Boma lisadye nawo ndalama ya mayi wa m'chikuta

Mayi wolembedwa ntchito pa Liwonde kapena pa Balaka akachira, lamulo la ntchito la 2000 limamupatsa tchuthi cha masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu, akulandira malipiro ake onse. Wolipira ndi bwana wake. Ngati sagwira m'boma, boma siliikapo ngakhale tambala. Koma malipirowo akangopitirira mlingo wosadula msonkho, msonkho wa PAYE umadulidwa monga mwezi wina uliwonse n'kupita ku bungwe lotolera msonkho la MRA, poti kwa okhometsa msonkho imeneyi ndi salale basi.

Ine ndikukana. Mwezi umene mayi akugula zitenje, beseni, sopo ndi matewera, akulipiranso kabaza wopita kusikelo, si mwezi woti boma litapepo. Wodwala nayenso ali m'madzi omwewo: akagwira ntchito chaka chathunthu amapatsidwa masabata 4 a malipiro onse, kenako masabata 8 a theka. Munthu ali pamphasa, ndalama yatsika pakati, wamsonkho akuwerengabe zake!

Abale athu a ku Ntaja ndi ku Ulongwe amene ali ku Joni afunseni. Ku South Africa wolembedwa ntchito mwalamulo amasonkha ku thumba la UIF pamodzi ndi bwana wake. Mayi amapuma miyezi inayi, thumbalo limamupatsa gawo la malipiro ake, ndipo ndalamayo sadula msonkho. Pangano la 2000 la bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO limanena masabata 14 a tchuthi cha uchembere, olipiridwa kuchokera m'thumba la onse. Kwathu kuno katundu yense tinamusenzetsa bwana, n'chifukwa chake wa sukulu ya pulayiveti kapena wa malo ogona alendo akaona mtsikana wongokwatiwa kumene amayamba wakanda mutu asanamulembe.

Ena ati ndikulirira anthu ochepa, popeza amayi ambiri a ku Machinga amalima mpunga kapena kugulitsa matemba a m'nyanja ya Chilwa, tchuthi sachidziwa n'komwe. Zoonadi, ndipo zimenezo zikundipweteka koposa. Komatu kuchepa kwa olembedwa ntchitoko kukutanthauza kuti boma silingataye zambiri litawachotsera msonkhowu.

Aphungu anakwanitsa mu 2021 kupatsa abambo tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa. A ku Machinga ndi ku Balaka akaimirire pa bajeti ikubwerayi: malipiro a uchembere ndi a matenda asadulidwe PAYE, ndipo unduna wa zantchito ubweretse bilu yokhazikitsa thumba la uchembere.