ZOMWE SIZINALEMBEDWE MU PULANI YA MUDZI, KUKHONSOLO KULIBE

Abale anga a kugombe, eni zilimira, alovi, asiginala, amayi ogula ndi kuyanika usipa, ndi inu achinyamata omwe mumangowerenga pa gulupu pano osayankha: Uthengawu ndi wautali, pepani ndi bundle yanu, koma werengani mpaka pansi chifukwa ukukhudza doko lomwe tonse timadyerapo.

Mwamva kale kuti a VDC akuitanitsa misonkhano yokonzanso pulani ya chitukuko cha m'mudzi. Ambiri mukuti, "Aaa, za mafumu ndi anthu a m'makomiti izo, ife tikataniko?" Ine ndikuti tipite, ndipo tipite titakonzeka. Chinthu chomwe sichinalembedwe mu pulani imeneyi, kukhonsolo amachitenga ngati kulibe. Titha kudandaula pa doko zaka khumi kuti tilibe chimbudzi, koma ngati mawuwo sanafike papepala, ndalama ikabwera idzatidutsa pamutu n'kukagwa kwina.

Ndifotokoze kaye mmene zimayendera, poti ena amaganiza kuti pepalalo limathera m'chikwama cha mlembi. Kuyambira 1998, pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu komanso lamulo la makhonsolo, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. VDC imakhala pa agulupu. Zomwe anthu anena pamsonkhano zimalembedwa mu pulani ya mudzi, ija amaitchula kuti VAP. Mapulani a midzi yonse amakwera ku ADC, komwe kuli kwa a T/A, ndipo kumeneko alangizi a zaumoyo, a ulimi, a nsomba ndi a maphunziro amathandiza kuwaunika. Akachoka apo amapita kukhonsolo, n'kukalowa mu pulani yaikulu ya boma lonse, ya zaka zingapo, yomwe masiku ano imatsatiranso masomphenya a Malawi 2063 omwe anakhazikitsidwa mu 2021. Ndalama za DDF, za CDF kapena za GESD zikabwera, ntchito zake zimayenera kuchokera m'mapulani amenewa. Ngakhale bungwe likafika pa boma kufuna kugwira ntchito, limalozeredwa zomwe zili mu pulani. Ndiye onani, msonkhano wa pansi pa mtengo uja ndi khomo. Ukaphonya khomo, nyumba yonse waiphonya.

Tsono vuto lathu ife a kunyanja lili pa nthawi ndi malo. Misonkhano yotere imakonda kuitanidwa 9 koloko m'mawa, kusukulu kapena pabwalo la agulupu, kumtunda. Nthawi imeneyo mlovi wa kauni wangokocheza kumene, usiku wonse anali pamadzi, maso ali gwaa, akudikira gawo lake kuti akagone. Mayi wogula usipa ali pa thandala akuyanika, wina akufutsa, ndipo sangasiye nsomba za ndalama yangongole kuti akakhale pamsonkhano wa maola anayi. Amene amapita ndi alimi, akuluakulu opuma pantchito ndi a m'makomiti. Iwo amanena mavuto awo enieni: mjigo, buloko ya sukulu, nyumba ya aphunzitsi, mlatho. Zonsezi n'zofunika, ana athu amaphunzira pasukulu yomweyo. Koma ikafika nthawi yokweza manja kusankha zoyambirira, doko lilibe dzanja ngakhale limodzi. Palibe amene watibera. Sitinalipo basi. Kenako timadabwa kuti mudzi womwe ndalama yake yambiri imatuluka m'madzi uli ndi pulani yosatchula nyanja.

Pempho langa loyamba likupita kwa agulupu, mafumu athu ndi a VDC, mwaulemu wonse. Msonkhano umodzi uchitikire pa doko penipeni, masana, komanso m'masiku omwe mwezi wawala. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, zilimira zambiri zimakhala pamtunda, anyamata amangosoka maukonde. Masiku amenewo asodzi mudzawapeza onse, osagona. Kalendala ya ku ofesi siidziwa zimenezi, koma inu mafumu mumazidziwa, ndinu ana a pompano. Ndipo pogawa magulu okambirana, paja pamakhala la abambo, la amayi ndi la achinyamata, pakhalenso la alovi paokha ndi la amayi a nsomba paokha. Mlovi sangalankhule momasuka bwana wake ali pambali. Mayi sanganene zomwe zimachitika pa doko nsomba zikachepa, pomwe ena amafuna thupi lake kuti amugulitse nsomba, ngati amuna omwewo akumuyang'ana.

Pempho lachiwiri: tisanalembe pulani yatsopano, yakale iwerengedwe mokweza, mzere ndi mzere. Ine munthu akandibweretsera injini, ndisanagwire sipanala ndimafunsa kuti inatsegulidwa liti, anasinthamo chiyani, yayamba bwanji kuvuta. Kupanda kutero ndingagulitse munthu pulagi yatsopano pomwe vuto lili mu kabuleta. Pulani ndi chimodzimodzi. Chinalembedwa n'chiyani ulendo watha? Chachitika n'chiti? Chomwe sichinachitike chinaima pati, ku ADC kapena kukhonsolo? Chomwe chinachitika chinadya ndalama zingati? Kufunsa izi si chipongwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo pulani ya mudzi si chinsinsi cha munthu. Tikapanda kuwerenga yakale, tidzalembanso mjigo womwewo kachitatu, n'kuombera m'manja ngati ndi nzeru zatsopano.

Tsopano ife eni ake, tikapita tikanene chiyani? Tisakangoti "tikufuna chitukuko cha asodzi". Mawu otere wolemba amawalemba, koma palibe angawawerengere mtengo. Tikatchule zinthu zogwirika. Ine ndikuona izi.

Choyamba, zimbudzi ndi madzi abwino pa doko. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Tonse tikudziwa chifukwa chake. Madzi omwe tikusambamo ndi omwe tikutsukiramo nsomba, ndi omwe ena akudzithandiziramo, ndi omwenso mlovi amatunga kumwa ali pakati. Chimbudzi chokumba mumchenga chimagumuka mvula yoyamba, ndiye mu pulani mulembedwe kuti ndi zimbudzi zomangira njerwa ndi simenti kuyambira pansi pa dzenje, ndiponso kuti wosamalira ndi ndani, azilipidwa kuchokera kuti. Tinenenso kuti chiwerengero cha m'kaundula wa mudzi n'chochepa poyerekeza ndi anthu omwe amagona pa doko usipa ukagwa. Akawerengera zimbudzi pa kaundula yekha, zidzadzadza mwezi umodzi.

Chachiwiri, malo a doko ndi njira yotsikira kunyanja. Yendani gombe lonse muone mipanda yomwe yafika mpaka m'madzi, malo omwe makolo athu ankayanikapo makoka pano pali kanyumba ka alendo ndi mlonda. Sindikudana ndi malo ogona alendo, abale athu ena amagwira ntchito momwemo. Koma doko lomwe malire ake sanalembedwe paliponse limatha pang'onopang'ono, lero mamita khumi, chaka chamawa ena khumi. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi. Tipemphe kuti doko, malo a mathandala ndi njira yake ziyezedwe, zilembedwe kuti ndi malo a anthu onse, osagulitsa. Tikumbukirenso 2024, pomwe nyanja inadzadza n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pomwe madzi anafika chaka chimenecho paikidwe zizindikiro, ndipo pulani inene kuti kumunsi kwake kusamangidwe chimbudzi, shedi kapena nyumba. Madzi saiwala khwawa.

Chachitatu, poyanikira. Nthawi ya mvula usipa ukagwa wambiri, mtengo umatsika, ndipo wina umaolera pa thandala dzuwa likasowa masiku awiri. Amene amaluza ndi mayi uja anatenga ngongole ku banki mkhonde. Matenti oyanikira nsomba ndi mphamvu ya dzuwa alipo kale m'madoko ena, si maloto. Shedi yokhala ndi denga komanso mathandala okwera bwino ndi zinthu zomwe wa kukhonsolo angathe kuziwerengera mtengo n'kuziika mu bajeti.

Chachinayi, moyo wa anthu pamadzi. Mwera ukayamba, kuyambira cha mu May mpaka August, chaka chilichonse timamva za boti lomwe silinabwerere. A zanyengo amachenjeza pa wailesi, koma chenjezo silingakoke boti lomwe injini yazima pakati. Pa ntchito yangayi ndimaona mainjini omwe akupita nawo kutali, ena chingwe choyatsira n'cholumikiza, ena mafuta ndi ongokwanira ulendo wopita. Doko lililonse lalikulu likufunika boti lopulumutsira anthu, mafuta ake osungidwa, majekete oyandamitsa, ndi dzina la munthu woimbiridwa foni usiku. Izi zilembedwe, ndipo eni zida avomere kusonkhapo, chifukwa omwe amamira ndi anyamata awo.

Chachisanu, nsomba zenizenizo. Zimbudzi ndi shedi sizithandiza ngati chambo chatha. Lamulo la usodzi la 1997 limalola kuti anthu a m'midzi atenge nawo mbali posamalira nsomba, ndipo ma BVC anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitatha kumeneko. Malo oswanirana nsomba, kuletsa maukonde a udzudzu, kulemekeza nthawi yomwe nyanja yatsekedwa, zonsezi zikhale mu pulani ya mudzi, osangozisiyira BVC yokha ngati kuti ndi nkhani ya anthu khumi. A BVC apite kumsonkhanoko ndi mndandanda wolemba kale, atakambirana ndi doko lonse.

Ndikudziwa zomwe ena mukuyankha mumtima. "Tinanenapo kale, palibe chinachitika." N'zoona, zambiri zolembedwa sizichitika. Ndalama zimachepa, ndipo nthawi zina andale amakonda chitukuko choonekera pamsewu. Koma taganizani. Khansala kapena phungu akabwera pa doko, kodi amachita manyazi ndi uti, munthu wongokuwa kuti mwatiiwala, kapena amene watulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha pulani kuti zimbudzi za pa doko zili pa nambala 2, munasaina nokha, zili pati? Pepala silimanga chimbudzi, koma limakupatsa pogwira. Wopanda pepala amangouzidwa kuti nkhani yanu sinatipeze, ndipo amakhala akunena zoona.

Ena mukuti kulibe alawansi. Abale, fanta ndi bulediyo ndi ya tsiku limodzi, pomwe pulani ndi ya zaka. Amene amapita kumisonkhano chifukwa cha envulopu ndi omwewo amavomera chilichonse kuti msonkhano uthe msanga.

Enanso ndinu obwera, a ku Nkhata Bay, a ku Likoma, a ku Karonga, ndipo mukuti mudzi si wathu. Kolera safunsa kwanu. Mumagona pa doko lino miyezi isanu ndi umodzi, mumamwa madzi omwewa, ana anu ena anabadwira pompano. Bwerani munene, ndipo mafumu akulandireni, chifukwa pulani yosawerengera inu ndi yabodza kuyambira pa chiwerengero.

Chenjezo limodzi kwa ife tomwe: tisakapite ndi zinthu makumi awiri. Pulani yokhala ndi chilichonse, wa kukhonsolo amasankhamo chomwe chamukomera iye. Tigwirizane zitatu zoyambirira tisanafike, kuti pokweza manja tisagawikane. Kwa ine ndi zimbudzi, malire a doko ndi boti lopulumutsira anthu, koma tikambirane, mwina amayi aona zina. Ndipo tisiyanitse zofuna ndalama za boma ndi zomwe tingachite tokha. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa a Senior Chief Makanjira, asodzi amatseka usodzi nthawi ya mvula n'kutsegula cha mu April, ndipo pachilumbapo saloledwa mowa kapena juga. Dongosolo limeneli lakhalapo zaka zambirimbiri, linayamba ndi mfumu ndi anthu ake, silinadikire ndalama za kunja. Mchenga, njerwa, kusesa doko, kulondera malo oswanirana nsomba, zimenezo n'zathu. Tikalemba gawo lathu, tidzafunsa gawo la boma maso ali pamwamba.

Eni zilimira, mabwana athu, tsiku limenelo masulani anyamata, musawatume kukagula mafuta. Amayi, mbewa ya manyazi inafera ku dzenje, mukalankhule. Achinyamata omwe munafika Folomu 4, ntchito yanu ndi kukhala pafupi ndi wolemba, kuona kuti zomwe zanenedwa ndi zomwe zalembedwa, kupempha kuti ziwerengedwe mokweza msonkhano usanatsekedwe, kenako kujambula tsamba lililonse n'kuponya pa gulupu pano. Pakatha miyezi itatu, awiri apite ku ADC kukaona ngati za doko zinakwera nawo kapena zinagwa panjira.

Amene ali pafupi ndi wapampando wa VDC afunse tsiku ndi malo lero lomwe, atiuze pano. Ngati tsikulo lagwa mumdima, zilimira zili pamadzi, a BVC apite kwa agulupu akapemphe kuti lisunthidwe kufikira mwezi utawala.

Tumizani uthengawu ku magulu a madoko ena, chifukwa misonkhanoyi sikuchitika kwathu kokha. Amene alibe foni muwawerengere posoka maukonde.