Kandimverere ndi Makina a Maseŵera

Pali funso limene achinyamata otsiriza sukulu amafunsa kaŵirikaŵiri akayamba kugwira tindalama: kodi ndigule makina tsopano, kapena ndidikire atsopano amene akumveka kuti ali m'njira? Ena amanena PlayStation, ena processor, yomwe ndi bongo wa kompyuta, ndipo ena graphics card, kachipangizo kojambula zithunzi za maseŵera. Mukafunsa gwero la nkhaniyo, mudzapeza kuti anaimva kwa munthu wa pa YouTube, amenenso anaimva kwa wina wokana kutchulidwa dzina. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluŵa.

Taonani za kampani ya Nintendo. M'chaka cha 2021 manong'onong'o anali ponseponse akuti kukubwera Switch yamphamvu, yoonetsa zithunzi za 4K. Imene inatuluka mu Okutobala chaka chomwecho inali Switch yomwe ija, kungoti anaikapo galasi loŵala bwino. Switch 2 yeniyeniyo inafika m'masitolo pa 5 Juni 2025, pa mtengo wa madola 450. Amene anamanga ndalama zake pansalu podikira anadikira zaka zinayi, nthaŵi yokwanira kuti mwana wa Folomu 1 alembe mayeso a MSCE.

Tsono wina anganene kuti, chabwino, timvere eniake a makinawo. Apanso mpofunika kutchera khutu mosamala, pakuti mwini malonda sanyoza katundu wake. Mu Januwale 2025, ku Las Vegas, mkulu wa Nvidia, a Jensen Huang, anauza khamu la anthu kuti RTX 5070 ya madola 549 idzafanana mphamvu ndi RTX 4090, imene inayamba kugulitsidwa pa madola 1,599. Akatswiri oima paokha atayesa anapeza kuti mawuwo amaoneka oona pokhapokha poŵerengera zithunzi zimene khadilo limangopeka n'kuzilowetsa pakati pa zenizeni. Pa mphamvu yeniyeni, khadi latsopanolo linatsalira kutali. Kampani yomweyo mu 2022 inalengeza RTX 4080 ya 12GB pa madola 899, anthu atadandaula inaibweza isanagulitsidwe, n'kudzaitulutsa mu Januwale 2023 ndi dzina lina, RTX 4070 Ti, pa madola 799. Ngati mwini ng'ombe asintha dzina ndi mtengo pa miyezi inayi, nanga wongomva kulira kwake kuseri kwa phiri angatiuze chiyani?

Ine ndiona kuti chodikira chanzeru n'chimodzi chokha: zotsatira za oyesa, katunduyo atafika kale m'manja mwa anthu. Kupatula apo, gulani chimene chikwanitse ntchito muli nayo lero, ngakhale chikhale chogwiritsidwapo kale ntchito. Mphunzitsi wolemba mayeso kapena mnyamata wophunzira kulemba mapulogalamu alibe nayo ntchito RTX 5090 ya madola 1,999.

Komanso, aŵerengi, ofalitsa mphekeserazi amaŵerengera m'madola, pomwe ife timalandira makwacha. Chizoloŵezi chakale chakuti makina akakalamba amatsika mtengo chinasokonekera: PlayStation 5 inatuluka mu 2020 pa madola 500, koma mu Ogasiti 2025 inakwera kufika pa 550 ku America komweko. Kuno kwathu kwacha inagwetsedwa mu Meyi 2022, kenaka mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Makina a madola 500 amene anali K590,000 madzulo, kutacha anali K850,000, msonkho wa pachipata ndi mtengo wonyamulira tisanaikepo.